Uchotse hard drive usanagulitse laputopu ija

Mwana wanga,

Mlongo wako anabwera kuno ku Chilenje dzulo, ndipo pocheza anatulutsa nkhani yoti laputopu ija ukufuna kuipereka kwa mnzako wa ku Katondo Street kuti upeze ya lendi ku Solwezi. Tulo sitinabwere. Foni yanga sukuyankha, ndiye ndati ndilembe, uwerenge usanakakwere basi ku Intercity Loweruka.

Laputopuyo gulitsa, sindikukuletsa. Sikirini inafa kalekale, batire silisunganso moto. Koma hard drive, kachipangizo kamene kamasunga zonse za mu kompyutamo, uichotse kaye. Mayi ako ali mmenemo. Zithunzi za tsiku limene unamaliza sukulu, atavala chitenje chobiriwira chija, ndi kavidiyo kamene unawajambula pakhonde akuyeserera nyimbo ya chigwirizano, akukuthamangitsa ndi mthiko kuti usiye kuwajambula. Mawu awo kulibenso kwina kumene tinawasunga. Iwe ukufuna kuwapereka kwa munthu pamtengo wa lendi ya mwezi umodzi?

Mnyamata ameneyo sindimukhulupirira, ndinakuuza kale. Munthu wanji amene amabwera pakhomo n'kumayang'ana katundu m'malo moyang'ana nkhope za eni nyumba? Mu kompyutamo muli kope la chitupa chako cha NRC, makalata a kubanki, ndi mapepala a puloti. Usanene kuti ufufuta. Chimene wafufuta sichichoka pomwepo, chimakhalabe pa disikiyo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo anyamata a ntchito imeneyi amadziwa kuzibweza.

Ntchito yake si yovuta. Zimitsa laputopu, zula chaja, chotsa batire, uitembenuze. Pansi pali kachitseko komangidwa ndi masikuluwu. Ukamasula upeza kachitsulo kaphanthiphanthi kokwana m'dzanja, ndiye hard drive imeneyo, ya mainchesi 2.5. Uikoke chotsetsereka cham'mbali, osaikanula ngati ukutsegula chitini. Masikuluwu uike m'mbale, ndimakudziwa iwe. Uli mwana unamasula wailesi yanga yonse n'kutaya theka la zitsulo mu udzu, mayi ako n'kumakuikira kumbuyo kuti mwanayu adzakhala injiniya.

Kenako upite m'tauni ukagule kabokosi kake, amati casing. Unene kuti ya 2.5, SATA, ya USB 3.0. Pakamwa pa chingwe chake pamakonda kukhala pa buluu. Hard drive upite nayo, ayilowetse uli pomwepo ndipo uone ndi maso ako kuti yayaka. Usaisiye kuti ubwere mawa. Siifuna magetsi akeake, imadya a pa USB pomwepo. Ndalama ya casing ndapatsa mlongo wako, usakadyere ina.

Ukailumikiza pa kompyuta ina, Windows ikakufunsa zoti format, ndiko kupukuta zonse zili mmenemo, ukane. Ukane, mwanawe. Ine zinandionekera ndikugwira ntchito. Ndinapereka kompyuta kwa wokonza wina, iye n'kuipukuta yonse osandifunsa, zithunzi za agogo ako za ulendo womaliza umene tinapita ku Katete zinapita choncho. Anangoti pepani bwana. Mpaka lero nkhope ya bambo anga ndimachita kuifunafuna m'mutu.

Ulowe mu Users, upeze dzina lako, zithunzi zili mu Pictures, kavidiyo kaja mwina kali pa Desktop. Ikapempha chilolezo, uvomere, imatenga kanthawi. Uzikopere zonse pawiri, zina pa flash imene usiyire mlongo wako. Hard drive imeneyo yakalamba. M'kati mwake muli kambale kamene kamazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Ikagwa ikugwira ntchito, basi. Ukamva ikulira kuti ke, ke, ke, uizule, usaiumirize. Ndipo usamangosolola chingwe ngati ukuzula chinangwa, uzidina eject kaye.

Pa ulendo uikulunge mu juzi, ikhale m'chikwama cha pamiyendo, osati pansi pa basi pamodzi ndi matumba a ufa. Ulendo wa ku Solwezi ndi wautali ndipo katundu wa pansi amaponyedwa.

Ukakhazikika idzakuthandiza kusungira mapepala a kuntchito, malo alimo ambiri. Koma usamaibwereketse kwa anzako kuti aikemo mafilimu, ndi mmene mavairasi amalowera. Makamaka mnzako uja, asaigwire n'komwe.

Ndimanyadira kuti wapeza ntchito, usaone ngati ndikungokalipa. Ya lendi ikapelewera undiuze ine, ndine bambo ako, penshoni ndi yochepa koma tidzaona chochita. Udutse kuno Lachisanu madzulo, ndaitanitsa nkhuku ya kumudzi. Ubwere ndi flash ija, ndikufuna ndiwamve mayi ako akuimba usanapite.

Ndine bambo ako.