Opaleshoni ya ng'ala isathere pomatula pulasitala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za maso, ngakhale sindine dokotala. Ndine mphunzitsi kuno ku Ngabu, ndipo bambo anga ndi mmodzi mwa okalamba omwe anachitidwa opaleshoni ya ng'ala madokotala a maso atabwera kudzagwira ntchito masiku ochepa kuno kuchigwa.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Bambo anatha zaka ziwiri akutsogoleredwa ndi mdzukulu ngakhale popita kuchimbudzi. Atawamatula pulasitala anafika pakhomo n'kuyamba kuwerenga mbuzi zawo, ndipo anapeza kuti ziwiri palibe. Mlandu umenewo sunathe mpaka lero.

Ambiri kwathu kuno amayesa kuti dokotala amangopala ng'ala ngati mamba a nsomba. Sizili choncho. Ng'ala ndi kagalasi kobadwa nako ka m'kati mwa diso komwe kachita chifunga. Amakachotsa n'kulowetsamo kena kapulasitiki, komwe munthu amapita nako kumanda. Anayamba izi ndi dokotala wa maso Harold Ridley ku London mu 1949, ataona kuti tizidutswa ta pulasitiki tomwe tinalasa m'maso oyendetsa ndege za nkhondo tinkangokhala phee osavutitsa diso.

Koma nyengo yogulitsa thonje itakwana, bambo anandikoka malaya tili pasikelo. "Mwananga, kodi ikuti 33 kapena 88?" Usiku ankati mwezi wamera mchira. Tinakwera phiri la Thabwa ulendo wa ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kumeneko anatiuza kuti opaleshoni inayenda bwinobwino, chatsala ndi astigmatism. Mmalo moti kutsogolo kwa diso kukhale kobulungira ngati mpira, kwawo n'kowongokera mbali imodzi ngati dzira, choncho kuwala sikukumana pamalo amodzi ndipo zilembo zimachita mthunzi. Kagalasi wamba sikakonza zimenezi. Kalipo kena kotchedwa toric, komwe mphamvu yake imasiyana malinga ndi mbali, koma kamafuna kukhazikidwa pamzere wake weniweni. Kakangopendekeka madigiri 10, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito yake lapita. Pa madigiri 30 kasanduka chokongoletsa chabe. Mtengo wakenso si wa mlimi wa thonje. Bambo anangowalembera mandala, ndipo tsopano sikelo amaiwerenga okha, mokweza ndithu kuti wogula amve.

Sindikunena kuti gogo aliyense wa ku Bangula kapena ku Makhanga aikidwe toric. Ndikupempha zochepa chabe. Gulu lililonse lobwera kudzachita opaleshoni lizinyamula makina oyezera kutalika kwa diso ndi kupindika kwake, kuti kagalasi kakhale ka muyeso wa mwini diso. Diso la munthu wamkulu limatalika mamilimita 23 kapena 24, ndipo kuphonya ndi milimita imodzi yokha kumamusiya munthu akufunika mandala amphamvu. Ine izi zimandikhudza chifukwa sindiona patali kuyambira ndili sitandade 5. Maso anga ndi aatali kuposa a anzanga, ndipo mandala anga ndi okhuthala ngati matako a botolo. Tsiku lomwe ng'ala idzandipeze, wina akadzandiika kagalasi ka mphamvu yongoyerekeza, ndidzatuluka ndikufufuzabe chitseko. Atandiyeza, opaleshoni yomweyo ikhoza kundichepetsera vuto lomwe ndayenda nalo moyo wonse.

Chinanso, pakatha masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, bala litapola, pabwere munthu wodzayeza mandala pachipatala chapafupi. Wodwala aziuzidwanso opaleshoni isanachitike, m'Chimang'anja kapena m'Chisena chake, kuti mwina adzafunikabe mandala, makamaka powerenga. Bambo anga panalibe anawauza.

Achinyamata anzanga a mandala mwina mwaziona pa Facebook, zoti pali kagalasi ka ICL koika m'diso kuti mandala muwataye. Kaliko ndithu. Amakalowetsa kutsogolo kwa kagalasi kobadwa nako, osachotsa kalikonse, ndipo n'ka akuluakulu omwe mphamvu ya mandala awo inasiya kusinthasintha. M'fumbi ndi thukuta la mu Okutobala, mandala akutsetsereka pamphuno, nanenso ndimakasirira. Koma ndi opaleshoni, ikhoza kukweza kuthamanga kwa madzi a m'diso kapena kufulumizitsa ng'ala, ndipo imafuna kuti dokotala azikuonani kawirikawiri. Wokhala ku Marka aganizire mtunda umenewo asanagulitse ng'ombe.

Boma ndi mabungwe anasonyeza kale kuti chigwa chino akhoza kuchifikira mudzi ndi mudzi. Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma ovutika ndi matenda a maso otchedwa trachoma, koma mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti matendawa sakuopsezanso dziko la Malawi. Miyendo yomwe inagawa mankhwala a trachoma ingalephere kubweretsa bokosi la magalasi oyezera?

Pali agogo ena oyandikana ndi bambo omwe anachitidwa opaleshoni tsiku lomwelo. Iwo ndalama yokwerera Thabwa alibe. Amakhala pakhonde n'kumauza aliyense wodutsa kuti madokotala anangowaseweretsa diso, ndipo amayi awiri a ng'ala m'mudzimo anena kale kuti gulu lina likabwera iwo adzakhala ali kudimba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wodandaula,
Ngabu, Chikwawa