Khansa ya m'kamwa ndi pakhosi: tisaope opaleshoni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, chifukwa kuno ku Lilongwe ambiri amafika ku Kamuzu Central chotupa chitakula kale.

Ena amati matendawa ndi akumtundu, ena amati n'kulodzedwa. Khansayi imayambadi majini a m'maselo (ma gene, malangizo amene amayendetsa tizigawo ting'onoting'ono ta thupi) akawonongeka, koma ambiri sabadwa nako kuwonongekako. Fodya, kaya ndudu kaya chingambwe, ndi mowa ngati kachasu zimawononga majini pang'onopang'ono, makamaka ya TP53, imene ntchito yake n'kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane. Khansa ina ya pakhosi imabwera ndi kachilombo ka HPV, komwe kaja kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Zotengera kwa makolo zilipo, monga matenda a magazi otchedwa Fanconi anaemia, koma n'zosowa.

Chimene chimandiwawa ine n'choti anthu amaopa opaleshoni. Ati mpeni ukangokhudza, khansa imafalikira. Bodza limenelo! Chotupa chikadali chaching'ono dokotala amachichotsa, nthawi zina pamodzi ndi tizigawo ta m'khosi timene timatupa munthu akakhala ndi mwanabele, wodwala n'kutsala akudya nsima ndi kuyankhula. Chikakula ndiye pamafunika kudula mbali ya lilime kapena nsagwada. Ena amachotsedwa kholingo lonse, n'kumapumira pakabowo ka pakhosi moyo wawo wonse.

Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo akumbutse alangizi a zaumoyo ndi ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono kuti chilonda cha m'kamwa, mawu osasa kapena chotupa pakhosi zikapitirira masabata 3, wodwalayo atumizidwe kuchipatala chachikulu akapimidwe, osangomupatsa mankhwala opha ululu.

Wowerenga wanu,
Kawale, Lilongwe