Wophunzira drafuti ayambe ndi lamulo la kudya mokakamizidwa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za masewera a drafuti, omwe anthu ambiri amawayesa ophweka chifukwa malamulo ake munthu angathe kuwamva pa mphindi zochepa chabe. Ndakhala ndikuphunzitsa mwana wa mlongo wanga masewerawa, ndipo ndaona kuti ambiri a ife timaphunzitsa mosokoneza, poyamba ndi kayendedwe n'kusiya lamulo limene masewera onse atsamirapo.

Zoyambira n'zodziwika. Bolodi wamba amakhala ndi timabokosi 64, koma timasewera pa timabokosi takuda 32 tokha, ndipo bolodiyo amaikidwa moti kabokosi ka pangodya ya kumanzere kwa wosewera aliyense kakhale kakuda. Aliyense amayamba ndi ana 12. Mwana amayenda chakutsogolo, kuchoka m'kabokosi kakuda kupita m'kakuda kena koyandikana nako, ndipo amadya podumpha mwana wa mnzake ngati kuseri kwake kulibe kanthu. Akafika pamzere womaliza wa mbali ya mnzake amasanduka kingi.

Mikangano imayambira apa, chifukwa drafuti si mtundu umodzi. M'malamulo a ku England ndi America mwana wamba sadya chakumbuyo, ndipo kingi amayenda kabokosi kamodzi basi, kutsogolo kapena kumbuyo. M'malamulo a ku Russia bolodi ndi yemweyo, koma mwana amadya ngakhale chakumbuyo ndipo kingi amathamanga mzere wonse. Palinso drafuti ya timabokosi 100, momwe aliyense amayamba ndi ana 20, ndipo pakakhala njira ziwiri zodyera wosewera amayenera kutenga imene akudya ana ochuluka. Anthu awiri akakhala pansi osagwirizana kuti atsata malamulo ati, sachedwa kunenana kuti wina akubera, pomwe aliyense akungosewera mmene anaphunzirira.

Koma mitundu itatu yonseyi imagwirizana pa chinthu chimodzi: mpata wakudya ukapezeka, uyenera kudya, ufune usafune. Chizolowezi chakale chomulanda munthu mwana amene waiwala kudya chinachotsedwa m'malamulo a mipikisano, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino kuchichotsa, chifukwa chinkapatsa wosewera njira yothawira msampha. Kumene kudya kuli kokakamiza, iwe ukhoza kumusankhira mnzako poti apite, ndipo nzeru zonse za drafuti zagona pamenepo.

Tsiku lina mphwanga uja anali ndi ana asanu ndi atatu, ine asanu ndi awiri, ndipo ankamwetulira poona kuti akutsogola. Ndinakankhira mwana wanga mmodzi kutsogolo kwa wake, kuseri kuli pululu. Anadya mwachangu ndi chimwemwe chonse, osaona kuti mwana amene wadyayo wasiya mpata kumbuyo kwake ndipo wakatera pafupi ndi wanga wina. Ndinadumpha kawiri motsatizana n'kukafika pamzere wake womaliza. Anakhala chete kwa kanthawi, chala chili pabolodi, kenako anandipempha kuti tibwezere ana onse m'malo mwake kuti aone pamene panalakwika. Kuyambira tsiku limenelo asanasunthe mwana amayamba wadzifunsa kuti mnzake akampatsa chakudya, adzatera pati. Kupereka mmodzi kuti udye awiri ndilo phunziro loyamba limene ndikanakonda wophunzira aliyense aligwire, ndipo aliyesere kambirimbiri pa bolodi ya ana ochepa asanayambe masewera athunthu.

Zina zimabwera pambuyo pake. Wophunzira amakonda kukankhira ana m'mphepete poganiza kuti kumeneko sadyedwa, ndipo n'zoona, koma mwana wa m'mphepete ali ndi njira imodzi yokha yoyendera pomwe wa pakati ali nazo ziwiri, choncho amene wagwira pakati ndiye amapanikiza mnzake. Ana aziyenda moperekezana, wina kumbuyo kwa mnzake, kuti pasakhale podumphira. Mzere wa kumbuyo usafulumire kutsegulidwa, ndipo ana awiri osiyidwa pamenepo amavutitsa kwambiri wofuna kingi, ngakhale kuti kuwasunga mpaka kalekale kumakusowetsa choyendetsa. Ukatsogola ndi mwana mmodzi, uzisinthanitsa mmodzi kwa mmodzi, chifukwa 12 kwa 11 si kusiyana kwenikweni, koma awiri kwa mmodzi ndi nkhani ina. Munthu azikumbukiranso kuti amapambana osati pokhapokha akadya ana onse, komanso akamtsekera mnzake moti alibe poyenda.

Amene amati awa ndi masewera a ana aganizire za Marion Tinsley wa ku America, katswiri wa masamu yemwe anali ngwazi ya dziko lonse kuyambira 1955 mpaka 1958, ndiponso kuyambira 1975 mpaka 1991. Mu 1992 anasewera ku London ndi pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Chinook, yomwe inakonzedwa ndi Jonathan Schaeffer ndi anzake a pa yunivesite ya Alberta ku Canada. Tinsley anapambana kanayi, kompyuta kawiri, ndipo analepherana maulendo 33. Mu 2007 gulu la Schaeffer lomwelo linatsimikizira kuti m'malamulo a ku England ndi America, osewera onse awiri akapanda kulakwitsa paliponse, masewera amathera polepherana. Izi zikutanthauza kuti aliyense amene wagonja analakwitsa penapake, ndipo malo amenewo angathe kupezeka ngati osewerawo abwerera m'mbuyo monga anachitira mphwanga uja.

Pempho langa kwa inu, akonzi, ndi loti muzisindikiza kachithunzi ka bolodi kamodzi pa sabata, kokhala ndi ana ochepa ndi funso loti wosewera apereke uti kuti adye angati, yankho lake n'kudzatuluka sabata yotsatira. Pansi pa kachithunziko muzilembaponso kuti mwatsata malamulo a mtundu uti.

Ine wanu,
Wokonda drafuti