Kalata kwa Tadala: Wailesi Yoyamba ya M'mudzi Mwathu

Wokondedwa Tadala, amunanga a ine,

Uli bwanji kumeneko ku Lilongwe? Kuno ku Mchinji tadzuka bwino, kungoti mawondo ndi amene akundikaniza kupita kudimba. Amayi ako andiuza kuti tsiku lina magetsi atazima unakwinya nkhope, n'kuwafunsa kuti kodi agogo ali mwana ankatani usiku wonse popanda TV. Ndati ndikuyankhe ndekha. Mawu akakuvuta, amayi ako akuthandize kuwerenga.

Za nthano ndi chitelele cha pamwezi ndidzakuuza ukadzabwera. Lero ndikufuna umve za wailesi yoyamba kufika m'mudzi mwathu.

Anabwera nayo ndi atsibweni anga, amene ankagwira ntchito ku mgodi wa Nkana ku Kitwe. Nthawi imeneyo Zambia inkatchedwa Northern Rhodesia, Chipata anali Fort Jameson, ndipo Mchinji wathuyu anali Fort Manning. Anatsika basi atakulunga katundu wina m'bulangete, osalola munthu kumunyamulira. Atamasula, tinaona chinthu chobulungira, chabuluu. Usaseke Tadala, inali sefuliya yeniyeni, yopanda chogwirira. Kampani ya Ever Ready ku Britain inkatenga masefuliya n'kuikamo zipangizo za wailesi, ndipo azungu ankaitcha Saucepan Special. Mabowo ake anali otchinga ndi kasefa kuti mphemvu ndi nyerere zisamange nyumba m'kati. Akuti anasankha utoto wabuluu poganiza kuti palibe mtundu wa anthu umene ungauope. Ife sanatifunse, koma tinaukonda ndithu.

Nkhani yake inayamba chonchi. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsira mawu kuyambira mu 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ntchito yake inali kuuza anthu za abale awo amene anapita kunkhondo. Vuto linali lakuti anthu akuda analibe mawailesi. Ofuna kumva ankapita ku boma kapena kwa mfumu yaikulu, kukaunjikana pa wailesi imodzi. Mzungu wina wa boma, dzina lake Harry Franklin, anayendayenda kupempha makampani kuti apange wailesi yotchipa, yosafuna magetsi. Ambiri anamukanira. A Ever Ready anavomera, pajatu iwo ankagulitsa mabatire, ndiye ankadziwa kuti wogula wailesi adzabweranso kudzagula batire. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lake masheleni 25. Zinali ndalama zambiri kwa munthu wa kumudzi, koma wa kumgodi akasunga bwino miyezi ingapo ankakwanitsa.

Batirelo usaliganize ngati timabatire ta mu tochi yako. Linali lalikulu, lolemera, moti wailesiyo inkakhala pamwamba pake. Linkatha pakapita maola pafupifupi 300, ndipo likatha kunalibe kotchaja. Ndiye atsibweni anaika lamulo: masana wailesi siyatsidwa, ndipo mwana aliyense wogwira kachitsulo kosinthira aona zakuda.

Dzuwa likamapendeka, ife atsikana tinkathamanga ndi ntchito. Kutunga madzi, kuphika, kutsuka mbale, zonse mwachangu, chifukwa wotsalira ankaphonya nyimbo zoyamba. Anyamata anali atamangirira waya wautali kuchokera pakhonde mpaka pamwamba pa mtengo wa mango kuti mawu azigwira bwino. Atsibweni ankatulutsa wailesiyo n'kuikhazika pa tebulo loyalapo kansalu. Abambo pamipando kutsogolo, amayi pamphasa cha kumbali, ife ana pansi penipeni pafupi ndi tebulo. Anthu ankachokera ngakhale kutsidya kwa dambo, ena atanyamula mbatata yootcha kapena mtedza kuti asangobwera chimanjamanja.

Mawu ake sanali osalala ngati a pafoni ya amayi ako. Ankabwera, n'kuzilala, n'kubweranso. Nthawi ya dzinja kukamang'anima, wailesi inkathetheka ngati chimanga chokazinga m'phale. Nyimbo ikasowa pakati, amayi ankangopitiriza okha kuimba, ndipo ikabwerera tinkaseka poona ngati afika nayo pamodzi kapena aipitirira.

Nyumba ya ku Lusaka ija inkatchedwa Central African Broadcasting Station, ndipo inkaulutsira maiko atatu: Nyasaland wathu, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, amene lero ndi Zimbabwe. Zilankhulo zinkasinthana, chilichonse ndi nthawi yake: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Ikafika nthawi ya Chilozi akuluakulu ankafuna kuzimitsa kuti asunge batire, ife n'kumachonderera kuti nyimbo ndi nyimbo basi, miyendo sifunsa chilankhulo.

Woimba amene tinkamudikira kwambiri anali Alick Nkhata. Anabadwira ku Kasama mu 1922, mayi ake Mbemba, bambo ake Mtonga wa kuno kwathu, ndiye ife tinkamutenga ngati wathu. Anapitako kunkhondo ku Burma, ndipo atabwerako anadzakhala muulutsi komanso woimba pa wailesiyo. Ankaimba ndi gitala pamodzi ndi anzake, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, mawu ofewa osakuwa. Nyimbo zake zambiri zinkaseka makhalidwe a m'tauni, monga anthu othera malipiro onse pa zovala ndi mowa. Amayi ankaseka mpaka misozi, kwinaku akuyang'ana mwakuba amuna ena amene anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi.

Kunalinso nyimbo za akauboyi a ku America, rumba ya ku Congo, ndi kwela wa mawisulo wochokera ku Johannesburg. Anyamata a m'mudzi ankamvetsera mwachidwi, m'mawa mwake n'kukapanga banjo ya chigubu ndi waya kuti ayesere zomwezo. Komanso anthu a ku wailesi ankayenda ndi galimoto m'midzi kujambula ng'oma ndi nyimbo za makolo. Agogo anga aakazi sankasamala za magitala, koma tsiku lina atamva amayi a dera lina akuimba nyimbo yapamtondo anaimirira, n'kunena kuti aja akusinja bwino koma akuifulumiza. Anawadzudzula ngati ali nawo pabwalo pomwepo.

Koma pulogalamu imene inkatonthoza bwalo lonse inali ya Zimene Mwatifunsa. Munthu ankalemba kalata ku Lusaka kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale. Uyenera kudziwa Tadala kuti masiku amenewo midzi yathu inali ya amayi, ana ndi nkhalamba. Amuna ambiri anali ku Salisbury (lero ndi Harare), ku Bulawayo, ku Wankie (lero ndi Hwange), ku Kitwe kapena ku Joni, kukafuna ndalama za msonkho ndi zovala. Foni kunalibe. Kalata inkachedwa panjira, ndipo ikafika pankafunika kupeza wodziwa kuwerenga. Ena ankapita osabweranso, tinkawatcha matchona. Ndiye muulutsi akayamba kutchula maina, ngakhale khanda likalira mayi wake ankathawira nalo kuseri kwa nkhokwe.

Bambo anga, amene ndi agogo a amayi ako, anali ku Wankie ku mgodi wa malasha. Usiku wina tinangomva muulutsi akutchula dzina lawo, kenako la amayi anga, kenako mudzi wathu, mfumu yathu, ndi boma la Fort Manning. Anati ali bwino ndipo apereka moni kwa ana onse. Nthungululu zinalira, anthu anagwira amayi chanza ngati kwabadwa mwana, ndipo nyimbo imene bambo anatipemphera palibe anaimva chifukwa cha phokoso. Mawa lake amayi anapita kwa aphunzitsi kuti awalembere yankho, n'kugulitsa mazira kuti apeze ya sitampa.

Si zonse za pa wailesiyo zimene anthu ankazikhulupirira. Inali ya boma la atsamunda, ndipo chitaganya cha maiko atatu aja chitayamba mu 1953, inkachiyamikira pamene anthu athu sankachifuna. Ikafika nthawi ya nkhani abambo ankamvetsera ali duu, kenako n'kumatsutsana nayo chapansipansi. Nyimbo ndi moni ndi zimene tinkalandira ndi manja awiri.

Mu 1964 Malawi atalandira ufulu tinakhala ndi wailesi yathuyathu ya MBC ku Blantyre. Kunabwera mawailesi ang'onoang'ono oyendera mabatire a tochi, kenako a Nzeru opangidwa konkuno, ndipo pang'onopang'ono banja lililonse linayamba kumvera pakhomo pake. Ya atsibweni ija itafa, batire lake linali litasowa kale m'masitolo. Azakhali anachotsa za m'kati zonse n'kusandutsa sefuliyayo chomwera nkhuku, ndipo atsibweni sanawalankhule mpaka madzulo.

Upereke moni kwa amayi ako, bambo ako ndi kamlongo kako. Undiyankhe ndi dzanja lako, zilembo zikuluzikulu chifukwa maso anga atopa, ndipo undiuze nyimbo imene mukuimba kusukulu teremu ino.

Ndine agogo ako,
Anaphiri