Tisapente madenga a sileti ngati malata

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndichenjeze abale athu amene akugula kapena kukonzetsa nyumba zakale kuno ku Britain, makamaka m'mizinda ngati Manchester, Liverpool ndi Cardiff, kumene nyumba zambiri za m'zaka za m'ma 1800 zidafoleredwa ndi miyala yopyapyala ya sileti. Kuli amalonda ena amene amayenda khomo ndi khomo, kulonjeza kuti atsuka denga ndi makina opopera madzi mwamphamvu, kenako alipaka penti kuti lioneke latsopano ndiponso lisiye kudontha. Kwa ife amene tidakulira m'nyumba za malata mawuwa amamveka anzeru, pakuti kwathu penti ndi amene amatchinjiriza lata ku dzimbiri. Koma sileti ndi mwala, sachita dzimbiri, ndipo ndikukhulupirira kuti kumupaka penti n'kutaya ndalama, mwinanso kuwononga denga limene likadatha kukhala zaka zina zambiri.

Miyala yambiri imene ili pa nyumbazi idakumbidwa kumpoto kwa Wales, m'migodi ya Penrhyn pafupi ndi Bethesda, Dinorwig pafupi ndi Llanberis, ndi ya ku Blaenau Ffestiniog. Mgodi wa Dinorwig udatsekedwa mu 1969, koma wa Penrhyn ukugwirabe ntchito, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO lidaika dera lonselo pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse. Chimene chidatchukitsa mwalawu n'chakuti sumwa madzi kwenikweni, moti sileti wabwino wa ku Wales amatha zaka zoposa 100 ali padzuwa, pamvula ndi pachisanu popanda womupaka kanthu.

Nanga denga lotere limadontha bwanji? Kawirikawiri cholakwika sichikhala mwala ayi, koma misomali. Amisiri akale ankakhoma miyalayi pa timatabwa topingasa, nthawi zambiri ndi misomali yachitsulo, ndipo pakapita zaka misomaliyo imadyeka ndi dzimbiri n'kuduka, mwala n'kutsetsereka kusiya mpata. Nthawi zina timatabwa tomweto timakhala titafumbwa kapena kuwola, kapenanso mtovu umene amaphimbira m'mphepete mwa chumuni ndi m'makwawa a denga umakhala utang'ambika. Zonsezi penti sazifika. Choipa kwambiri n'chakuti denga la sileti limagwira ntchito chifukwa miyala imasanjikizana momasuka, kuti madzi amene alowa pakati pake atsikire pansi ndipo mphepo iumitse chinyontho cha mkati. Penti akamata m'milomo ya miyalayo, madzi amatsekeredwa m'kati, amanyowetsa matabwa, ndipo nyengo yozizira akaundana amafufuma n'kusenda mwala pang'onopang'ono. Komanso popeza mwalawo sumwa, penti sakanirira kwa nthawi yaitali. Amayamba kukanganuka m'zigamba, denga n'kuoneka loipa kuposa kale, mwini nyumba n'kumangidwa pa ntchito yopenta mobwerezabwereza. Kutsuka kwa makina kuja nakonso kumakankhira madzi pansi pa miyala, ndipo munthu woyenda padenga lakale amaswa miyala imene inali yabwinobwino.

Pali chinanso chimene chimandipweteka mtima. Denga lakale likafika poti lifoleredwe mwatsopano, mmisiri wodziwa ntchito amasasula miyala umodziumodzi, kuigogoda kuti amve kulira kwake, ndipo imene ikulira momveka amaibwezeretsa ndi misomali ya mkuwa. Yosweka yokha ndi imene amagula ina. Koma miyala yomatidwa ndi penti wokhuthala kapena phula siimatukanso bwino, moti mwini nyumba amagula denga lonse, chuma chimene chinali kale pamutu pake chitapita kudzala. Chimodzimodzinso thovu limene amalonda ena amapopera kunsi kwa denga kuti ligwire miyala: mabungwe ena obwereketsa ndalama zogulira nyumba amakana nyumba zotere, chifukwa katswiri woyendera nyumbayo sangaone ngati matabwa ali bwino.

Choyenera kuchita n'chosavuta. Miyala yochepa ikatsetsereka, mmisiri amaibwezera m'malo n'kuikoleka ndi kachingwe ka mkuwa kapena mtovu. Ndere zikachuluka amazipala ndi manja mosamala, ndipo ngalande za madzi azizikonza chaka ndi chaka masamba akayoyoka.

Abale ayeneranso kudziwa kuti si chilichonse chooneka ngati sileti chimene chili mwala. Nyumba zina zidafoleredwa ndi timapale topangidwa ndi simenti, ndipo takale tina tili ndi timaulusi ta mwala wotchedwa asbestos, amene adaletsedwa kotheratu ku Britain mu 1999. Kupala kapena kupopera madzi mwamphamvu pa timapale totere kumamwaza fumbi limene limadwalitsa mapapo ndi kuyambitsa khansa, choncho munthu asalole aliyense kukhudza denga lake asanapimitse kuti ndi la chiyani. Ngati nyumba ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa chifukwa cha mbiri yake, kusintha maonekedwe a denga popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu. Ndipo amene wasainira kale pangano ndi wamalonda wa pakhomo asataye mtima, chifukwa malamulo a 2013 oteteza ogula amapereka, pa mapangano ambiri otere, masiku 14 oti munthu athetse panganolo popanda kupereka chifukwa, ngakhale kuti ntchito imene yagwiridwa kale atachita kuipempha yekha angafunike kuilipira.

Ine wowerenga wanu,
Manchester