Timadzi topha ululu tili ndi malo akeake mu ubongo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zaumoyo imene munatulutsa posachedwa, yonena kuti munthu akathamanga, ubongo wake "umadzaza" ndi timadzi totchedwa endorphin. Ndinaphunzitsa biology zaka zambiri ndisanapume pantchito, ndipo mawu oti kudzazawo akundisowetsa mtendere. Akuchititsa owerenga kuganiza ngati ubongo ndi ndowa.

Timadzi timeneti timagwira ntchito ngati morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, koma thupi limapanga lokha. Mu 1975, John Hughes ndi Hans Kosterlitz a ku Aberdeen anapeza mtundu woyamba mu ubongo wa nkhumba, n'kuutcha enkephalin. N'kachingwe kakafupi zedi, ka ma amino acid (tizidutswa timene timapanga mapuloteni) 5 okha. Chotsatira chinali kudziwa pamene kamakhala, ndipo amene anathandiza kwambiri ndi khoswe. Ofufuza ankadula ubongo wake m'tizigawo topyapyala kuposa pepala, kupakapo mankhwala omata pa enkephalin yekha, kenaka n'kuyang'ana pa maikulosikopu.

Anaona mawangamawanga. Enkephalin ndi wochuluka kwambiri pa globus pallidus, mbali yothandiza kayendedwe ka thupi. Alinso mu hypothalamus, kachigawo ka pansi pa ubongo, ndi mu amygdala, momwe mumayambira mantha. Mu cerebellum, kumbuyo kwa ubongo, ngakhale ndi chigawo chachikulu ndithu, muli wochepa kwambiri.

Malo amene ine amandigometsa ndi awiri. Ena ali mu mtsempha waukulu wa mumsana, pakhomo penipeni pamene uthenga wa ululu wochokera pakhungu umalowera. Ena ndi kachigawo kotuwa kozungulira kangalande ka madzi pakati pa ubongo, kotchedwa periaqueductal gray. Mu 1969, enkephalin asanadziwike n'komwe, David Reynolds analowetsa kawaya pamenepo, n'kumapatsirapo timagetsi tochepa, ndipo anang'amba mimba za makoswe opanda mankhwala ogonetsa, iwo osaonetsa kumva kuwawa. Ndikawafotokozera ana zimenezi m'kalasi munkangoti zii, ena chifundo chitawagwira chifukwa cha khosweyo. Nanenso chimandigwira. Patapita zaka, ofufuza ena anaona kuti naloxone, mankhwala otsekereza morphine, amachepetsa kufa kwa ululu kotereku, kusonyeza kuti magetsiwo ankadzutsa timadzi ta thupi lomwe.

Nanga endorphin amene munamutchulayo? Ameneyo ndi beta-endorphin, ndipo ndi wamtali, wa ma amino acid 31. Maselo omupanga mu ubongo wa khoswe anaunjikana pamalo awiri okha: ambiri pansi pa hypothalamus, pa arcuate nucleus, ndipo ochepa kumunsi, kufupi ndi pomwe ubongo umalumikizana ndi msana. Amene amakwera m'magazi munthu akathamanga amachokera ku pituitary, kachiwalo kakang'ono kolendewera pansi pa ubongo, ndipo kuti achoke m'magazi alowe mu ubongo n'zovuta kwambiri. Choncho kumuyeza m'magazi a wothamanga sikutiuza zomwe zikuchitika m'mutu mwake. Mukadzalembanso nkhaniyi, chonde mudzasiyanitse ziwirizi.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wopuma