Dandaulo: kagetsi ka airbag munangokabisa, simunakonze

Kwa Bwana Manejala,

Ndasankha kulemba kalata chifukwa foni ya ku garaja kwanu ikangoona nambala yanga imangoitana osayankhidwa. Za galimoto yanga muli nazo m'mabuku anu, risiti yomwe, choncho sindizibwereza.

Ndinabwera nayo kagetsi ka airbag (thumba la mpweya lija lofufuma pangozi kuti liteteze munthu) kakungoyaka osazima, hutala naye akulira mwa apo ndi apo. Anyamata anu ataiika pa kompyuta anati yatha ndi clock spring, kachingwe kokulungidwa kuseri kwa chiwongolero kamene kamafikitsa moto ku airbag ndi ku hutala. Ndinalipira mtengo wa yatsopano osanenerera. Sindinayende nayo nthawi yaitali. Tsiku lina nditangokhota kwambiri potuluka pamsika, wakabaza analowa mumsewu mwadzidzidzi, ndikuti ndidine hutala, zii. Kagetsi kaja nako kanali katayambiranso kuyaka.

Apa mpamene panayambira maulendo. Lero makaniki ali kumaliro, mawa wapita kukasaka zipangizo, mkuja magetsi athima ndiye kompyuta siyaka. Nthawi zonsezo ndikupempha kuntchito, ndikuwotcha mafuta amene munthu amachita kuwaimira pamzere, kenako nkukhala pabenchi panu mpaka dzuwa kupendeka popanda ondiuza kanthu.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mawu a folomani wanu. Nditafunsa chifukwa chimene chinthu chatsopano chafera msanga chonchi, anaseka pamaso pa makasitomala ena nkunena kuti, "Mayi, galimoto yake nkhalamba imeneyi, airbag ya chiyani? Ingomangani lamba. Kapena atumeni bambo akunyumba tidzakambirane, izi simungazimve." Bwana, tsiku lolipira palibe anafunsa za bambo akunyumba. Ndalama zanga zinamveka bwinobwino. Ndipo ngati galimotoyo ndi nkhalamba yosayenera airbag, munalandiriranji ndalamazo?

Madzulo ake anandipatsa makiyi, ati takonza. Zoona kagetsi kanazima. Kanazima mpaka kalekale! Pa Toyota, ukatembenuza kiyi kagetsi kameneka kamayenera kuyaka kwa masekondi pafupifupi 6 kenako nkuzima, kusonyeza kuti makina adziyeza okha. Kanga sikaphethira nkomwe. Ndinapita kwa katswiri wina wa zamagetsi a galimoto, ndipo atamasula dashibodi tinapeza tepi yakuda itamatidwa pa kagetsiko. Kumeneko ndi kufundika bala ndi nsanza nkumuuza wodwala kuti wachira.

Atachotsa chiwongolero (iye anayamba wamasula batire nkudikira kaye, monga mmene ziyenera kukhalira munthu asanakhudze mawaya achikasu aja) tinaona zina. Clock spring munandigulitsa ngati yatsopano ija ndi yakale, yozulidwa pa galimoto ina, fumbi lili mbuu. Komanso inaikidwa osaiimika pakati, mateyala asanawongoledwe, ndiye chiwongolero chitapotoka mpaka kumapeto kachingwe kanakokeka nkuduka. Kutanthauza kuti ndakhala ndikunyamula ana anga pa msewu wa M1 ndikudalira airbag imene sikanatuluka zitavuta, inu mukudziwa.

Galimoto yanga sidzalowanso pageti panu, musavutike nkundiuza kuti ndibwere nayo muionenso. Ndikufuna mundibwezere ndalama zonse zimene zili pa risiti, za chipangizo ndi za ntchito, kuphatikizapo zimene ndalipira katswiri winayo. Ndikufunanso folomani wanu apepese polemba.

Zithunzi za tepi ija ndili nazo, clock spring yodukayo ndasunga. Pakatha masiku 14 osamva kuchokera kwa inu, zonsezi ndikazitula ku bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission ndi ku bungwe loimira anthu ogula la CAMA, ndipo anzanga akuntchito amene ndinawalozera kwanu ndiwauza mmodzimmodzi. Mundiyankhe polemba, osati kudzera mwa folomani uja.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa.